Injini 6 zokha za GWR 1366: kunali kuwononga ndalama kapena panali nzeru?

Chiwaya_Njanji
Akuluakulu, thandizeni maganizo. Pofika 1934 kampani ya Great Western Railway (GWR) ku England inali itakhazikika kale pa injini za mtundu wa 5700 zokankhira mabogi m'mayadi, ndipo inapitiriza kuzipanga mpaka zinakwana 863. Koma chaka chomwecho fakitale yake ya Swindon inatulutsa tiinjini 6 tokha, manambala 1366 mpaka 1371, ta mawilo ang'onoang'ono, masilinda ali kunja, maonekedwe achikalekale. GWR inkadziwika ndi kufananiza zipangizo kuti boyila imodzi izilowa pa mitundu ingapo ya injini. Nanga mtundu wa injini 6 zokha unalowa bwanji? Ine ndikuona ngati kunali kutaya ndalama. Bwanji sanangotumiza 5700 kumene kunali ntchitoko?

Gulaye
Achimwene, yang'anani njanji, osati injini. Kumene tinkapita timeneti 5700 ikanagwa.

Fitala_Wamkulu
A Gulaye anena mwachidule, ine ndiikepo manambala. Chofunika ndi mtunda wochokera pa ekiselo yakutsogolo kufika pa yakumbuyo, chifukwa maekiselo atatu onse amangidwa pa felemu imodzi yosapindika. Pa 1366 mtundawo ndi mafiti 11. Pa 5700 ndi mafiti 15 ndi mainchesi 6.

Tsono tengani njanji yokhota ya m'madoko, ya utali wa mafiti 132 kuchokera pakati pa bwalo lake. Mawilo akutsogolo ndi akumbuyo akakhala panjanji, njanjiyo imapatuka pakati, ndipo mawilo apakati amayenera kusunthira pambali kuti aitsate. Kupatukako mumakupeza motere: mtunda wa maekiselo muuchulukitse ndi iwo wokha, kenako mugawe ndi utali uja wochulukitsidwa ka 8. Pa mafiti 11 mupeza 121 kugawa ndi 1,056, zomwe ndi inchi imodzi ndi magawo atatu mwa 8. Pa mafiti 15 ndi theka mupeza mainchesi pafupifupi 2 ndi magawo atatu mwa 4. Mwaona, mtunda wangokwera ndi mafiti 4 ndi theka koma vuto lawirikiza kawiri.

Mpata umenewu umachokera malo atatu basi: danga la pakati pa mkombero wa wilo ndi njanji, kutakasa njanji pang'ono pokhotapo, ndi kusewera kwa mabokosi a ekiselo mu felemu. Inchi ndi kanthu mutha kuipeza. Mainchesi pafupifupi atatu simungawapeze. Zikatero mkombero wakutsogolo umakwera pamwamba pa njanji yakunja, kapena injini imakankha njanji mpaka misomali kuzuka m'mitanda.

Chiwaya_Njanji
Zamveka, bambo. Koma ngati nkhani ndi kufupika, injini ya mawilo anayi ndiye yaifupi koposa. GWR inali nazo.

Fitala_Wamkulu
Inali nazo, monga 6 za mtundu wa 1101 zomwe kampani ya Avonside inapanga mu 1926 kuti zizigwira pa madoko a ku Swansea. Koma zija zinkalemera matani opitirira 38 pa maekiselo awiri, ndiye kuti matani 19 pa ekiselo imodzi. 1366 imalemera matani 35 ndi magawo atatu mwa 4 pa maekiselo atatu, pafupifupi matani 12 pa iliyonse. Pa doko lomangidwa pa mitengo, kapena pa njanji yopepuka ya m'nkhalango, kusiyana kumeneku ndi kumene kumalamula. Mufuna injini yaifupi komanso yosaponda mwamphamvu. Ziwiri zonsezi pamodzi n'zosowa.

Mlembi_wa_Shedi
Funso la a Chiwaya likuyambira pakati pa nkhani. Kuti mumvetse 1934 muyenera kubwerera ku 1874, ku Cornwall.

Chaka chimenecho kudatsegulidwa Cornwall Minerals Railway, yolumikiza Fowey ndi Par kugombe lakummwera ndi Newquay kugombe lakumpoto. Eni ake ankayembekezera kunyamula miyala yachitsulo yambiri pamodzi ndi dongo loyera loumbira mbale. Adagula injini 18 za mawilo 6 kwa Sharp, Stewart, zojambulidwa ndi Francis Trevithick, mwana wa Richard Trevithick, mmodzi mwa oyambitsa injini za nthunzi za panjanji. Zidakonzedwa kuti ziziyenda ziwiriziwiri zitapatsana misana, ndipo shedi ya ku St Blazey idamangidwa ndi njanji 9, iliyonse yokwana injini ziwiri. Malonda a miyala yachitsulo sadayende monga ankaganizira, ndipo mu 1877 GWR idayamba kuyendetsa njanjiyo. Idatenga injini 9, n'kuzipatsa manambala 1392 mpaka 1400. Zina 9 zidagulitsidwa, zambiri ku Lynn and Fakenham Railway ku Norfolk, kumene adazimangirira ngolo ya madzi ndi malasha kumbuyo.

Zotsala ku GWR zija adazisintha m'zaka za m'ma 1880, kuchotsa mathanki am'mbali n'kuika thanki imodzi yokhala pamsana pa boyila. Zidapezeka kuti n'zothandiza kwambiri malo opanikizika. Pofika 1910 Churchward, mkulu wa amisiri a injini ku GWR, adauza wojambula wake Harold Holcroft kuti ajambule zina potengera zakalezo. Umo ndi momwe mudabadwira mtundu wa 1361: injini 5, manambala 1361 mpaka 1365, mawilo a mafiti 3 ndi mainchesi 8, masilinda a mainchesi 16 m'mimba ndi 20 m'litali, nthunzi ya mapaundi 150 pa sikweya inchi. Zambiri zidakhala ku Plymouth, pa madoko a Millbay ndi Sutton Harbour.

Ndiye mu 1934, zija za 1874 zitakwanitsa zaka 60 ndipo zatheratu, Collett, yemwe adalowa pa mpando wa Churchward, adafunika zolowa m'malo mwa injinizo. Adatsegula zojambula za 1910. Choncho ndalama zomwe a Chiwaya akudandaula sizidali zambiri: felemu, mawilo ndi masilinda zidali zodziwika kale, zikombole zake zilipo.

Malasha74
Ndiye tinene zoona, 1366 si mtundu watsopano. Ndi 1361 yovala malaya ena.

Mayi_Injekita
Ayi a Malasha74, pamenepo ndikana. Zomwe zinasintha si malaya.

Choyamba ndi ng'anjo. 1361 ili ndi ng'anjo ya denga lozungulira, lopitirira limodzi ndi mimba ya boyila. 1366 ili ndi ya Belpaire, ya denga lafulati ndi mapewa a ngodya. Mu Belpaire chipupa chamkati ndi chakunja zimayang'anizana molunjika, choncho timitsulo tomangira zipupa ziwirizi timalowa mowongoka, ndipo pamwamba pa ng'anjo, pomwe madzi amawira kwambiri, pamakhala malo aakulu a nthunzi. Chachiwiri, nthunzi inakwera kufika mapaundi 165. Chachitatu, zoyendetsa mavavu zinachoka pa Allan kupita pa Stephenson. Mathanki akubwera pomaliza, ndipo anasintha chifukwa cha ng'anjo yomweyo: thanki yapamsana imafuna msana wozungulira, pa mapewa a Belpaire siikhala bwino pokhapokha muipinde modula.

Malasha74
Mapaundi 15 okhawo? Akusintha chiyani?

Mayi_Injekita
Werengerani nokha. Mphamvu yokokera poyamba kuyenda: tengani 85 pa 100 ya nthunzi, muchulukitse ndi kukula kwa silinda, muchulukitsenso ndi kukula komweko, kenako ndi ulendo wa pisitoni, mugawe ndi kukula kwa wilo. Wilo ndi mainchesi 44. Pa 150 mupeza mapaundi 14,835 kapena pafupi pomwepo. Pa 165 mupeza 16,320. Ndi gawo limodzi mwa 10 lowonjezera pa injini yolemera pafupifupi chimodzimodzi. Kwa wokankha mabogi odzaza pokhota, pomwe mikombero ikukhuza njanji, gawo limenelo ndilo limasiyanitsa kunyamuka ndi kuima.

Kamkuzi_Sayinala
Koma mphamvu ikachuluka pa kainjini kopepuka si ndiye kamangopalasa?

Fitala_Wamkulu
Funso labwino. Matani 35 ndi magawo atatu mwa 4 ndi mapaundi 80,080, ndipo onse akuponda pa mawilo oyendetsa chifukwa palibe mawilo ongonyamula. Gawani ndi 16,320 mupeza 4.9. Amisiri ankafuna nambala imeneyi isatsike pa 4. Apa pali malo.

Koma injini yonyamula madzi ake ili ndi khalidwe lomwe ya ngolo kumbuyo ilibe: ikamagwira ntchito imapepuka. Madzi ndi magaloni 800 ndi kanthu, galoni imodzi mapaundi 10, ndiye kuti matani oposa 3 ndi theka amatha pang'onopang'ono, osawerengera malasha. Mathanki akatsala pang'ono kuuma nambala ija imatsikira cha pa 4.4. Ikadali bwino pa njanji youma. Pa doko lonyowa ndi madzi amchere, kapena pansi pa mitengo yogwetsa masamba, woyendetsa amadalira mchenga, ndipo mchengawo uyenera kukhala wouma ndi wosefa. Wachinyezi umaundana m'paipi, mukakoka chogwirira palibe chituluka.

NaBanda_wa_Limbe
Pepani ndikupatutseni pang'ono. Thanki yapamsana yomwe mukunenayi si ngati ya injini zoyamba za Shire Highlands Railway, Thistle ndi Shamrock?

Mlembi_wa_Shedi
Ndi yomweyo, achemwali. Zija zidapangidwa ndi W. G. Bagnall wa ku Stafford, ndipo nazo zimanyamula madzi pamsana pa boyila. Nzeru yake ndi imodzi: injini yaifupi, yoyenda chamtsogolo ndi chambuyo mofanana, yosafuna potembenuzira, yoyenera pomanga njanji ndi pokankha mabogi. Kusiyana kuli pa kutakasuka kwa njanji. Ya kwathu ndi mafiti 3 ndi mainchesi 6, ya ku England ndi mafiti 4 ndi mainchesi 8 ndi theka. Njanji ikachepa, katundu wokwezeka m'mwamba amavutitsa kwambiri.

Gulaye
Ndiye thanki yapamsana ndi yoipa basi?

Mayi_Injekita
Si yoipa, ili ndi zake. Ubwino wake: siitsekereza m'mbali, wothira oyilo amalowetsa dzanja pansi pa boyila mosavuta, ndipo ndi chitsulo chimodzi chokhala ndi pothirira pamodzi. Kuipa kwake kuli patatu. Kulemera kumakwera m'mwamba. Woyendetsa saona bwino kutsogolo. Ndipo madzi amafunda chifukwa akhalira boyila.

Chachitatuchi ndi chomwe anthu sachidziwa. Injekita, kachipangizo kolowetsa madzi m'boyila, kamagwira ntchito pokhapokha nthunzi ikakumana ndi madzi ozizira n'kusungunukiramo. Madzi akafunda kwambiri nthunzi siisungunuka yonse, kamayamba kulavula pansi, m'boyila osalowa kanthu. Pamenepo galasi loonera madzi likutsika, moto uli lawilawi. Zochita ndi izi: tsekani nthunzi, tsegulani madzi okha adutse kuti kazizire, yesaninso. Zikakanika thirani ndowa ya madzi ozizira pa thupi lake. Zikakanikabe yesani injekita inayo, ndicho chifukwa chake zimakhala ziwiri. Zonse zikakana, moto uchotsedwe msanga denga la ng'anjo lisanaume. Nthawi zambiri wolakwa si thanki ayi, ndi vavu yobweza yomwe ikudontha, n'kumabwezera madzi otentha a m'boyila ku injekita.

Mathanki a 1366 amalendewera m'mbali mwa boyila ngati zigubu ziwiri pa njinga, osafika pansi pa felemu. Kulemera kumatsikako, pansi pamakhalabe mpata wa dzanja. Amalumikizidwa ndi paipi yodutsa pansi pa boyila kuti madzi azilingana. Paipi imeneyo ikatsekeka ndi dzimbiri kapena matope, thanki imodzi imauma ina ili yodzaza, injini n'kupendekera mbali imodzi.

Kamkuzi_Sayinala
Mayi, mwatchula Allan ndi Stephenson n'kudutsa. Kusiyana kwake n'kotani?

Fitala_Wamkulu
Ndiwayankhire. Zonse ziwiri zili ndi ma eccentric (timbale tomangidwa pa ekiselo mopatuka pakati) awiri pa silinda iliyonse, ina yopitira kutsogolo ina yobwerera, ndipo ndodo zake zimagwira chitsulo chokhala ndi mpata momwe mumatsetsereka kabuloko koyendetsa vavu. Pa Stephenson chitsulocho ndi chokhota ndipo ndi chomwe chimakwera ndi kutsika, kabuloko kali pamalo pake. Pa Allan chitsulocho ndi chowongoka, ndipo chikamatsika ndodo ya vavu imakwera, zonse zikuyenda theka-theka. Chowongoka n'chosavuta kusema ndipo sichifuna malo aatali pansi pa boyila. Koma Allan ili ndi mapini ochuluka, ndipo pini iliyonse ikadyeka kusewerako kumaphatikizana mpaka mavavu kusiya kutsegula mofanana. Mumamva pa chumuni, kupuma kunayi kwa wilo limodzi sikumvekanso kofanana. Swindon ya nthawi ya Collett inkakonza Stephenson tsiku ndi tsiku pa injini mazanamazana, ndiye kusinthaku kunali kubweretsa kainjini m'banja.

Chiwaya_Njanji
Chabwino, ndamva za zitsulo. Tibwerere ku funso. Tinkagwira kuti ntchito yoti tilipire mtengo wake?

Mlembi_wa_Shedi
Poyamba ku Swindon komweko, m'mayadi a fakitale ya mabogi momwe njanji zimazungulira pakati pa nyumba. Koma kumene tidatchukira ndi ku Weymouth.

Ku Weymouth kudali njanji ya mtunda wa pafupifupi mailo imodzi, yotsegulidwa mu 1865, yodutsa mumsewu weniweni wa tauni, m'mbali mwa Custom House Quay, kukafika pokwerera sitima zapamadzi zopita ku Jersey ndi Guernsey. Sitima ya anthu yochokera ku London ikafika pa mphambano, injini yaikulu inkachoka, 1366 n'kukoka mabogi onse kudutsa pakati pa magalimoto, mashopu ndi anthu oyenda pansi. Liwiro lololedwa lidali mamailo 4 pa ola. Injini idali ndi belu, ndipo antchito ankayenda patsogolo ndi mbendera, kuchotsa anthu ndi magalimoto oimikidwa pa njanji. Pobwerera kudalinso katundu: mbatata za kachewere za ku Jersey ndi tomato wa ku Guernsey, zosachedwa kuwonongeka, zobwera mwaunyinji m'nyengo yake.

Pa ntchito imeneyi injini inkafunika mabuleki a vakyumu (omasuka injini ikakoka mpweya m'paipi) a sitima yonse ndi paipi ya nthunzi yofunditsira mabogi m'nyengo yozizira. Kainjini ka m'yadi wamba sikakhala ndi zimenezi.

Gulaye
Ndipo pokhota pa Ferry's Corner, pa njanji yomweyo, si injini yokha inkavutika. Mabogi aatali ankafuna zolumikizira zotalikirapo mpaka pamene anapawongolako kumapeto kwa zaka za m'ma 1930.

NaBanda_wa_Limbe
Zotalikirapo chifukwa chiyani?

Gulaye
Mabogi a ku Britain ali ndi mabafa (zitsulo zogundanira) awiri kumapeto kulikonse, cholumikizira chili pakati. Pokhota kwambiri mabafa a mkati amapanikizana mpaka kutheratu, akunja n'kutalikirana. Cholumikizira chikakhala chomangitsa, china chiyenera kugonja, ndipo chimagonja ndi wilo. Choopsa china n'chakuti bafa imodzi itha kuterera kuseri kwa inzake, zikolane, ndiye njanji ikawongoka bogi imakankhidwira kunja. Ichi n'chifukwa chake injini za m'madoko zambiri zili ndi mabafa a nkhope zazikulu.

Mayi_Injekita
Pa mabuleki pali kena koyenera kudziwa. GWR inkakoka vakyumu ya mainchesi 25, makampani ena onse 21. Injini ya 21 ikasiyira mabogi injini ya GWR palibe vuto. Koma GWR ikasiyira ya 21, m'masilinda a mabuleki mumatsala 25 mbali imodzi pomwe paipi ikungofika 21, ndipo mabuleki amakhala ogwira pang'ono. Munthu amayenera kuyenda bogi ndi bogi kukoka chingwe chotulutsira. Akaiwala bogi imodzi, mabuleki ake amatentha ulendo wonse.

Malasha74
Zonsezi ndavomera. Koma chomwe sindigwirizana nacho ndi zomwe anthu amanena za Wenford Bridge, kuti 1366 inakapulumutsa njanji ija. Injini za Beattie zinagwira kumeneko zaka pafupifupi 70. 1366 inagwira ziwiri zokha.

Kamkuzi_Sayinala
Tafotokozani kaye, ena sitikuidziwa nkhaniyo.

Malasha74
Ndi ku Cornwall konko. Bodmin and Wadebridge Railway inatsegulidwa mu 1834, ndipo nthambi yake yopita ku Wenford Bridge imatsata mtsinje wa Camel, kukhotakhota m'nkhalango, kudutsa pakati pa nyumba pa Hellandbridge. Katundu wake anali dongo loyera. London and South Western Railway inabweretsako injini za Joseph Beattie m'zaka za m'ma 1890. Zinapangidwa 85 pakati pa 1863 ndi 1875, zambiri ndi Beyer, Peacock, kuti zizikoka sitima za anthu m'mphepete mwa London. Zinzake zonse zitaphwasulidwa kapena kusinthidwa, zitatu zinatsala ku Wadebridge: 298, 314 ndi 329, zomwe pansi pa British Railways zinakhala 30587, 30585 ndi 30586. Madzi zimanyamula m'thanki yapansi pakati pa felemu ndi pansi pa malasha, ochepa kwambiri, moti zinkaima m'nkhalango ya Pencarrow kumwa pa thanki yodzazidwa ndi kamtsinje. Mu 1929 anayesa injini ya mtundu wa P ya mawilo 6, sizinatheke, Beattie n'kupitiriza. Anazikonzanso kangapo, maboyila atsopano, kutsogolo kwa felemu kwatsopano. Zimenezo ndiye injini za njanji ija.

Fitala_Wamkulu
Ulemu wake ndikuupereka, achimwene, koma tiyeni tione ntchito. Beattie ili ndi mawilo oyendetsa anayi a mafiti 5 ndi mainchesi 7, mawilo a sitima ya anthu. Mphamvu yake yokokera ndi mapaundi 11,050, ndipo gawo la kulemera kwake lili pa mawilo awiri akutsogolo omwe sakoka. 1366 ili ndi 16,320, pafupifupi theka lina pamwamba, kulemera konse kuli pa mawilo okoka ndi ogwira mabuleki. Pa sitima ya dongo, yoyenda pang'onopang'ono, mabogi ambiri opanda mabuleki olumikizana ndi injini, chachiwirichi ndi chomwe mufuna. Beattie inakhalitsa chifukwa panalibe china cholowa, osati chifukwa inali yoyenera dongo.

Malasha74
Nanga bwanji sanazibweretse kale, poti zinalipo kuyambira 1934?

Mlembi_wa_Shedi
Makampani adali osiyana. Wadebridge idali ya Southern Railway, 1366 ya Great Western. Ngakhale njanji zonse zitalowa m'manja mwa boma mu 1948, zigawo zidasunga injini zawo. Komanso 1366 zidali ndi ntchito ku Weymouth. Zidamasuka pamene tiinjini ta dizilo tidatenga ntchito ya padoko, ndipo mu 1962 zitatu zotsala, 1367, 1368 ndi 1369, zidapita ku Wadebridge. Zinazo zidali zitachotsedwa kale: 1370 ndi 1371 mu 1960, 1366 mu 1961. Beattie zidapuma kumapeto kwa 1962. Zaka ziwiri zomwe mukunenazo si kulephera kwa injini, ndi nthawi. Mu 1964 dizilo idafika ku Wenford nakonso, ndipo chigawo chonse chakumadzulo chinkathetsa nthunzi. Njanjiyo idapitiriza kunyamula dongo mpaka 1983. Lero ndi njira ya njinga ndi oyenda pansi, mbali ya Camel Trail.

Malasha74
Ndikadali pomwepo. Kutumikira zaka 70 ndi umboni woposa masamu.

Gulaye
Umboni wa amisiri a fakitale ya Southern Railway ku Eastleigh omwe ankazikonza, inde.

Chiwaya_Njanji
Funso lina. Ngati tinali tabwino chotere, bwanji sitinkakoka sitima za anthu pa nthambi zing'onozing'ono?

Fitala_Wamkulu
Chomwe chimatithandiza pokhota ndi chomwe chimatilepheretsa kuthamanga. Wilo la mainchesi 44 limazungulira ka 458 pa mailo, pomwe la Beattie limazungulira ka 301. Pa mamailo 30 pa ola 1366 ikuzungulira ka 229 pa mphindi. Masilinda ali kunja, kutali ndi pakati, ndiye pisitoni yakumanja ikakankha, yakumanzere ili pena, mphuno ya injini imagwedezeka uku ndi uku. Maekiselo oyandikana sangathe kuletsa kugwedezekako, ndipo felemu yotulukira kutsogolo ndi kumbuyo kwa mawilo imawonjezera. Zotsatira zake mabokosi a ekiselo amadyeka msanga ndipo njanji imavulala. Ndi matenda omwewo omwe anavutitsa mtundu wa 1500 wa 1949 wa Hawksworth, wolowa m'malo mwa Collett, injini 10 za masilinda akunja ndi maekiselo oyandikana, zomwe zambiri zinathera pa kukoka mabogi opanda anthu pakati pa Paddington ndi Old Oak Common ku London. Pa nthambi GWR inali ndi mitundu ya 1400 ndi 4500, yopangidwira zimenezo.

NaBanda_wa_Limbe
Zilipo zotsala zoti munthu n'kuziona?

Mlembi_wa_Shedi
Pa 6 zija yatsala 1369, ya ku South Devon Railway, njanji ya pakati pa Buckfastleigh ndi Totnes. Pa 5 za 1910, zomwe zidachotsedwa mu 1961 ndi 1962, yatsala 1363, yomwe Great Western Society idagula mu 1964 ndipo ili ku Didcot. Pa Beattie zatsala ziwiri: 30585 ya ku Buckinghamshire Railway Centre ku Quainton, ndi 30587 ya m'gulu la injini zosungidwa ndi dziko. 30586 idaphwasulidwa. Za 1874 palibe yatsala. Njanji ya mumsewu ya ku Weymouth idasiya sitima za nthawi zonse mu 1987, sitima yomaliza idadutsa mu 1999.

Kamkuzi_Sayinala
Kusunga injini imodzi yokha ya mtundu wake si chintchito? Zosinthira azitenga kuti?

Mayi_Injekita
Zing'onozing'ono sizivuta kwambiri, ndipo apa ndi pomwe kufananiza kwa Swindon kumathandiza: injekita, mavavu otulutsa nthunzi ikachuluka, magalasi a madzi ndi zogwirira m'kanyumba ka woyendetsa ndi za banja la GWR. Zovuta ndi zazikulu zomwe ndi zakezake, masilinda, mawilo ndi boyila. Silinda ikang'aluka muyenera kusema chikombole chatsopano kuti muumbe imodzi yokha.

Boyila ndi imene imalamula kalendala. Ku Britain imaunikidwa chaka ndi chaka, ndipo pakatha zaka pafupifupi 10 imatsitsidwa pa felemu. Pamenepo mathanki amachotsedwa, zofunda za boyila zimavulidwa, machubu onse amasololedwa. Timitsulo tomangira ng'anjo timagogodwa kamodzikamodzi ndi hamala, kothyoka kamalira mosiyana. Pansi pa ng'anjo, pomwe matope amakhazikika, ndi pomwe chitsulo chakunja chimadyeka kwambiri, ndipo amayeza kukhuthala kwake. Akamaliza amadzaza madzi ozizira n'kupopa kupitirira mapaundi 165 ogwirira ntchito, chifukwa madzi akapeza pofooka amangodontha pomwe nthunzi ikanaphulika. Kenako ndi pomwe amayatsa moto, pang'onopang'ono kuyambira dzulo lake, kuti kopa wa mkati ndi chitsulo chakunja zifutukuke popanda kukokana.

Mathanki amawola kuchokera mkati, makamaka pansi ndi kumbali yoyang'ana boyila yomwe simuiona. Injini ikaima nyengo yozizira, madzi onse atuluke m'mathanki, m'paipi yolumikiza ija ndi m'mainjekita, apo ayi akaundana amang'amba mkuwa.

Fitala_Wamkulu
Ndiwonjezere za mawilo, poti injini ya pokhota imadya mikombero yakutsogolo kuposa ina. Ikamayang'ana mbali imodzi nthawi zonse pa njanji yokhotera kumodzi, mkombero umodzi umaonda msanga, ndiye ndi bwino kuitembenuza nthawi ndi nthawi ngati potembenuzira palipo. Mukapita nayo pa makina osemera, mawilo onse 6 asemedwe kufika muyeso umodzi, ngakhale odyeka ali awiri okha. Mukasiya ena aakulu, ndodo zolumikiza mawilo zimalimbana pa kuzungulira kulikonse, mabushi amatentha, ndipo pakapita miyezi yochepa mumva kugogoda. Pa wilo la mainchesi 44 nyama ya tayala yachitsulo si yambiri, choncho kusema kulikonse kuwerengedwe, ndipo tayala ikafika pa muyeso wotsiriza ichotsedwe, yatsopano itenthedwe ndi kuvekedwa pa wilo isanazizire.